COTSUKIRA COLAKWIKA CIMAPHA AIRBRUSH MSANGA KUPOSA PENTI

Munthu woyenda pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata sasowa coona m'misika ya m'njira. Pali zikwangwani za magolosale, za malo ometera tsitsi, za zigayo ndi za nyumba zodyera. Zambiri mwa izo zimalembedwa ndi burashi monga kale, koma mwa apo ndi apo diso limagwa pa cithunzi cimene mtundu wake umayamba wakuda bii, n'kumapepuka pang'ono-pang'ono kufikira utazimirira ngati utsi, popanda mzere wosonyeza pamene burashi inadutsa. Nchito yotere kawiri-kawiri imakhala yocita kupopera, ndipo pa zithunzi zing'ono-zing'ono mmisiri amagwiritsa nchito kacipangizo kochedwa airbrush.

Kacipangizo kameneka n'kofanana ndi colembera, kutalika kwake ndi kunenepa komwe. Pamwamba pake pali kakapu kothiramo penti, m'kati mwake muli singano yaitali, ndipo kumapeto kuli kakamwa kamene amisiri amakachula kuti nozulo. Mpweya wocokera ku kompulesa umadutsa pa kakamwako mwaliwiro, n'kukoka penti ndi kuimwaza ngati nkhungu. Bowo la nozulo ndi laling'ono zedi. Pa ma-airbrush ambiri limayambira pa mamilimita 0.2 kulekeza pa 0.5, ndiye kuti ngakhale diso la singano yosokera malaya n'lalikulu. Kacidutswa ka penti youma kamene munthu sangakaone n'komwe n'kokwanira kutseka bowolo. Zikatero, mnyamata amene anagulitsa nshawa kapena thonje kuti agule cida cimeneci amangoti manja lende, mwini cikwangwani ali pakhomo kufunsa za nchito yake, pamene nozulo ina mwina angakaipeze ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 550 kucokera ku Chipata.

Pa nthawi yotere mtima umathamangira ku ciliconse cimene cili pafupi: thinazi wa kwa wokonza magalimoto, petulo wa m'njinga yamoto, parafini wa m'nyale, kapena mankhwala otsukira magalasi. Apa m'pamene zida zambiri zimafera. Penti imangotseka njira, ndipo njira yotsekeka imatseguka. Koma cotsukira colakwika cimadya cida ceni-cenico, ndipo cimene cadyeka sicibwereranso.

KUMENE CIDACI CINACOKERA

Airbrush si cinthu ca dzulo ai. M'caka ca 1879 munthu wina wa ku Iowa m'dziko la America, dzina lake Abner Peeler, anapanga kamakina komwazira utoto ndi mpweya, ndipo m'zaka zotsatira amisiri ena anakakonza bwino. Mmodzi wa iwo, Charles Burdick, anaolokera ku London kumene mu 1893 anatsegula kampani yopanga zida zimenezi, zimene zinachuka ndi dzina loti Aerograph. Mu 1904 Jens Paasche, wobadwira ku Norway, anayambitsa kampani yake ku Chicago, ndipo dzina lake likali kulembedwa pa ma-airbrush kufikira lero. Pa masiku oyambirirawo nchito yaikulu ya cidaci inali kukonza ndi kukongoletsa zithunzi zojambula ndi kamera.

Masiku ano, ku maiko monga Japan, Britain, Germany ndi America, kuli anthu ambiri-mbiri, ena akulu-akulu a imvi zao, amene pa nthawi yopuma amamanga tindege, tisitima ndi timagalimoto ta pulasitiki, n'kumatipaka utoto ndi airbrush kuti tioneke ngati teni-teni. Mwana wa kumudzi amene amapinda galimoto ya waya sangadabwe nazo zimenezi. Kusiyana kwake n'kwakuti akunjawo amagula zidutswa zoumbidwa kale m'bokosi, ndi penti ya m'timabotolo tocepa ngati ta mankhwala a m'maso. Mzinda wa Shizuoka ku Japan, kumene kuli kampani ya Tamiya, ndi wochuka pa malonda otere. Popeza anthu amenewa akhala akulimbana ndi nozulo zotsekeka kwa zaka makumi ambiri, aphunzira zoculuka za zotsukira, zina mwa izo ataononga zida zao. Zimene anaphunzirazo zimagwira nchito cimodzi-modzi kwa wolemba zikwangwani wa ku Katete, kwa wojambula pa masikipa ku Petauke, ndi kwa wokongoletsa zosema-sema zogulitsa kwa alendo, pakuti penti ndi imodzi ndipo cida ndi comweco.

PENTI YA ACRYLIC NDI PULASITIKI

Munthu sangasankhe bwino cotsukira asanadziwe cimene akutsuka. Penti ya acrylic, kunena mwacidule, ndi pulasitiki. Katswiri wa ku Germany, Otto Röhm, analemba za mankhwala a mtundu umenewu mu 1901 pomaliza maphunziro ake apamwamba, koma penti ya acrylic yosungunula ndi madzi inayamba kugulitsidwa kwa ojambula ku America m'zaka za m'ma 1950. M'botolo la penti yotere muli timibulu ta pulasitiki tosaoneka ndi maso, timene timayandama m'madzi pamodzi ndi ufa wopatsa mtundu. Madzi akali momwemo, timibuluto timakhala totayana, ndipo penti imacoka ndi madzi wamba. Madzi akangouma, timayandikana, timapanikizana, n'kugwirana kukhala cikopa cimodzi. Cikopa cimeneco madzi sacisungunulanso.

Amai onse akudziwa kuti nkhoko za nsima, ngakhale zitauma cotani, zimafewa mphika ukagona ndi madzi. Penti ya acrylic siili conco. Iyo ikufanana ndi simenti pa fosholo. Womanga nyumba akatsuka fosholo yake atangoweruka, cigubu cimodzi ca madzi cimakwana. Akaisiya kufikira m'mawa, afunika nyundo. Ndipo pa airbrush nthawi yake si usiku wathunthu ai, koma mphindi zocepa. M'mwezi wa October, makamaka ku cigwa ca Luangwa kumene kutentha kumafika madigiri 40, penti yopyapyala ya pa nsonga ya singano imauma mmisiri akali kupopera.

Cotero cotsukira coyamba, ndiponso cochipa kuposa zonse, ndi madzi othiridwa msanga. Mmisiri akamaliza mtundu umodzi akhuthule penti yotsala, apukute kakapu ndi kansalu kosatulutsa ubweya, athiremo madzi, apopere kufikira otuluka atayera mbee. Amene amacita zimenezi nthawi iliyonse, angathe masabata osafuna mankhwala amphamvu. Amene amati ayambe wadya nsima kaye, pobwera apeza nchito imene ikanatenga mphindi ziwiri itasanduka ya madzulo onse. Walira mvula walira matope: wofuna utoto wosalala wa airbrush avomerenso kutsuka pafupi-pafupi.

Koma si madzi alionse. A mumtsinje ndi a pa dambo amakhala ndi timcenga timene tingakale singano kapena kukhala m'nozulo. A m'zitsime zina zokumba ndi makina amakhala ndi laimu wambiri, monga mmene alili madzi a m'madera ambiri a Lusaka, mzinda umene unamangidwa pamwamba pa miyala ya laimu. Cizindikiro cake n'cosavuta kuona: ketulo imacita zoyera m'kati ndipo sopo amavuta kucita thovu. Zoyera zomwezo zimatsalira m'njira zing'ono-zing'ono za airbrush. Kutsukira madzi otere tsiku ndi tsiku n'kotheka, koma potsukuluza komaliza ndi bwino kugwiritsa nchito madzi a mvula osefedwa ndi nsalu yoyera, kapena madzi oyeretsedwa amene amagulitsidwa pothirira mafuta a magalimoto kaamba ka mabatire. Wogula aonetsetse pa botolo kuti ndi madzi, osati asidi wa batire, pakuti mabotolo awiriwa amakonda kukhala pa shelefu imodzi. Madziwo akhale ozizira kapena ofunda pang'ono. Otentha kwambiri amafulumizitsa penti kugwirana.

Madzi okha akalephera, dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale mu kapu yodzaza limathandiza. Sopo wa ufa wocapira zovala ndi wosayenera, cifukwa amasiya timibulu tosasungunuka. Phulusa, mcenga ndi ufa wokwecera mapoto zimawalitsa ziwiya za kukhichini, koma pa singano ndi nozulo zimasiya mikwingwirima imene penti imadzagwirapo mawa. Ndipo sopo aliyense atsukuluzidwe ndi madzi oyera, pakuti wotsalira amalepheretsa penti yotsatira kumamatira pa cikwangwani.

MAU A PA BOTOLO AMANYENGA

Vuto lina limene limasokoneza ngakhale amisiri ozolowera n'lakuti mau oti acrylic amalembedwa pa penti zosiyana khalidwe. Pali zosungunula ndi madzi, monga zambiri za kampani ya Vallejo ya ku Spain ndi zimene ojambula amagula m'machubu. Pali zina zokhala ndi sipiriti m'kati, monga za Tamiya za m'timabotolo tolembedwa X ndi XF, zimene cosungunulira cake cimachedwa X-20A. Zimenezi zimadziwika ndi fungo lake ndiponso cizindikiro ca lawi la moto pa botolo. Ndiye pali zacitatu, zochedwa lacquer, monga Mr. Color ya ku Japan ndi penti zina za magalimoto, zimene madzi sazikhudza n'komwe ngakhale zikali zaziwisi.

Cotsukira cimene cimakonda penti imodzi cingathe kudana ndi inzake. Sipiriti wamphamvu amasungunula bwino penti ya Tamiya, koma penti zina za madzi zikakumana naye zikali zaziwisi zimagwirana n'kukhala mabulu-mabulu ngati mkaka wosasa. Zimenezi zikacitikira m'kati mwa airbrush, mmisiri watseka yekha cida cake ndi dzanja lake.

Pali njira yoyesera imene siifuna ndalama. Munthu atenge cotsekera ca botolo ca citsulo, adonthezemo penti, aonjezepo madontho awiri kapena atatu a cotsukira cimene akucikaikira, atakase ndi kamtengo ka macisi. Penti ikasungunuka n'kukhala yosalala, ziwirizo n'zogwirizana. Ikacita ulusi, mabulu kapena kunanda, cotsukiraco cisayandikire airbrush penti imeneyo ili momwemo. Kuyesa kotere kumatenga mphindi imodzi, ndipo kuyenera kubwerezedwa pa penti iliyonse yatsopano imene yalowa pa malo a nchito.

Makampani opanga penti ndi ma-airbrush, monga Vallejo, Tamiya ndi Iwata, amagulitsanso zotsukira zao. Mtengo wake ndi wokwera ndipo sizipezeka paliponse, koma ubwino wake n'ngwakuti zinapangidwira nchito yomweyi. Wozipeza asazimwaze ngati madzi. Ayambe watsuka ndi madzi kufikira mtundu utatha, ndipo pomalizira athire madontho ocepa cabe. Mwa njira imeneyi kabotolo kamodzi kamakhalitsa.

SIPIRITI

Kwa anthu ambiri a kumidzi, cotsukira camphamvu cosavuta kupeza ndi sipiriti. Wabwino koposa ndi wochedwa isopropyl, amene amagulitsidwa m'masitolo a mankhwala, wina wolembedwa 70 peresenti, wina 99. Amafewetsa penti ya acrylic imene yauma kale, amauma msanga, ndipo salimbana ndi citsulo ca airbrush. Sipiriti wa mtundu wa pepo, amene amai ena amayatsira moto, amagwiranso nchito yomweyo. Lamulo lake n'limodzi: madzi patsogolo kucotsa penti yaiwisi, sipiriti pambuyo kucotsa youma, madzi kotsiriza.

Mankhwala opaka m'manja amene anafala mu 2020 pa nthawi ya mliri wa Covid-19 ali ndi sipiriti ndithu, koma ambiri anasanganizidwa ndi zofewetsa khungu ndi zonanda, zimene zimatsalira m'nozulo. Ena angaganizenso za kacasu. Iyeyo mphamvu yake imasiyana botolo ndi botolo, malinga ndi dzanja la wocheza, ndipo kawiri-kawiri madzi ndi amene amaculuka. Pa sipiriti wa pepo pali cenjezo lofunika. Mtundu wakewo unaikidwa dala kuti ucenjeze anthu kuti si cakumwa. Wina amakhala ndi methanol, poizoni amene amacititsa khungu ndi kupha amene.

PHUNZIRO LOCOKERA M'KHOLA LA AKAVALO

Ambiri mwa omanga tindege ta pulasitiki ku America ankakonda kutsukira ma-airbrush ao ndi mankhwala a magalasi a m'mazenera, cifukwa ena mwa mankhwalawo ali ndi amoniya, amene amadya penti ya acrylic mofulumira. Anthu a kumudzi amamudziwa amoniya ngakhale samuchula dzina. Ndi fungo lija lobaya m'mphuno limene limamveka m'khola la mbuzi kapena la nkhuku losasesedwa.

Tsoka lake n'lakuti thupi la airbrush kawiri-kawiri limapangidwa ndi brasi, citsulo cacikasu cimene ndi mkuwa wosanganiza ndi zinki, ndipo pamwamba pake amakutapo citsulo cina cowala copyapyala kwambiri. Amoniya ndi mdani wakale wa brasi. Pa nthawi imene Britain inkalamulira India, asilikali anadabwa kuona kuti zikhokho za zipolopolo zao, zimene zinali za brasi, zinkang'aluka zokha zikasungidwa m'nyengo ya mvula. Kwa nthawi yaitali anthu ankangoti ndi nyengo. Mu 1921 akatswiri atatu, Moore, Beckinsale ndi Mallinson, anafotokoza cifukwa ceni-ceni. Zipolopolozo zinkasungidwa m'makola a akavalo, ndipo amoniya wocokera mu mkodzo wa akavalowo, pamodzi ndi cinyezi, ndi amene ankalowerera m'malo amene citsulo cinapanikizidwa pocipanga, n'kuciswa.

Ngati fungo cabe la m'khola linaswa zipolopolo za nkhondo, nanga kacipangizo kopyapyala konyikidwa m'mankhwalawo usiku wonse? Coyamba kuoneka n'cakuti kuwala kwa m'kakapu kumasuluka, pansi pake n'kuyamba kuoneka cikasu. Pamalo pokhakhala potero penti imagwira kwambiri kuposa kale, ndipo mwini wake amaonjezera mankhwala omwewo, vuto n'kumakula. Kupopera pang'ono kamodzi n'kutsukuluza ndi madzi nthawi yomweyo sikuononga msanga, koma popeza sipiriti amagwira nchito yomweyo popanda ngozi imeneyi, palibe cifukwa cosankhira amoniya. Wogula cotsukira ciliconse ca m'nyumba awerenge pa botolo. Ndipo amoniya asasanganizidwe ndi Jik kapena mankhwala ena oyeretsera zovala a mtundu umenewo, pakuti ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya woocha mapapu.

THINAZI NDI TIMPHETE TA MPHIRA

Thinazi wa penti ya magalimoto, ndiponso acetone, amene amapezeka m'mankhwala ocotsera utoto wa zikhadabo, ndi amphamvu kuposa zonse zachulidwazi. Penti ya acrylic youma mwezi wathunthu imagonja kwa iwo. N'cifukwa cake amisiri amawakhulupirira kwambiri. Koma m'kati mwa airbrush simuli citsulo cokha. Muli timphete tating'ono totseka mipata, kamodzi pamene singano imadutsa kuti penti isabwerere m'mbuyo, kena pa nozulo, tina pa vavu ya mpweya pansi pa cala. Pa zida zochipa timphete timeneti n'ta mphira wakuda. Thinazi ndi acetone amatupitsa mphira wotere, kenaka amauma n'kuthetheka.

Zizindikiro zake zimabwera pang'ono-pang'ono. Penti imayamba kutulukira kumene kuli cala. M'kakapu mumabwata thovu. Mpweya umakana kuleka ngakhale cala citacoka. Mwini wake amaganiza kuti anagula cida cabodza, pamene cinadyedwa ndi cotsukira.

Ma-airbrush okwera mtengo ali ndi timphete toyera, tolimba, ta pulasitiki yochedwa Teflon, imene Roy Plunkett wa kampani ya DuPont anaitulukira mwangozi mu 1938. Teflon saopa thinazi. Komabe ngakhale pa zida zoterezi, mphete ya pa singano ndi imene imakhala ya Teflon, pamene za pa vavu ya mpweya zimakhalabe za mphira. Conco kumiza airbrush yathunthu m'citini ca thinazi n'kulakwa pa cida ciliconse, cochipa kapena codula. Kumacotsanso mafuta ofewetsa pamene cala cimakankha.

Malo oyenera a thinazi ndi amodzi: pamene madzi, sopo ndi sipiriti zalephera, kapena pamene penti yake ndi ya lacquer. Mmisiri amasule nozulo ndi singano, acotse kamphete ka mphira ngati kalipo, aike nozulo yokhayo m'kabotolo ka galasi kokhala ndi thinazi wocepa, aisiye mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Kabotolo ka pulasitiki n'kosayenera, pakuti acetone amasungunula mapulasitiki ena. Nozulo ndi kanthu kocepa ngati njere ya mpunga, ndipo ikagwera pa dothi siipezekanso msanga, conco nchito imeneyi icitikire pamwamba pa mbale kapena nsalu yoyera.

Za petulo, parafini ndi dizilo nkhani yake ndi yaifupi. Anthu anazolowera kutsukira nazo maburashi a penti ya mafuta yopaka zitseko ndi mazenera, koma ndi penti ya madzi sizisanganikirana. Zimangoinanditsa, n'kusiya mafuta m'njira, ndipo penti yotsatira imatuluka ndi timaenje ngati maso a nsomba. Petulo womwazidwa ngati nkhungu pafupi ndi mbaula kapena koloboi angathe kuyatsa nyumba ya udzu m'kuphethira kwa diso.

MAPAPU, ANA NDI ZIWETO

Ngozi imene amisiri ambiri saiganizira n'njakuti airbrush imasandutsa nkhungu ciliconse cothiridwamo, ndipo nkhunguyo imalowa m'mapapu. Sipiriti kapena thinazi amene ali m'botolo amangonunkha, koma akapoperedwa m'cipinda cotseka amabweretsa mutu, cizungulire ndi cifuwa. Akunja amagula kamtsuko kopoperamo zotsukira. Kotere munthu angakapange yekha. Atenge botolo la galasi la pakamwa papakulu, aboole cotsekera cake pawiri, bowo lina lolowetsapo mphuno ya airbrush, lina lotulukira mpweya lotsekedwa ndi thonje, ndipo pansi pa botolo aikepo tinsanza. Nchito icitikire pakhonde kapena pansi pa mtengo, mphepo ikucokera kumbuyo kwa mmisiri. Kansalu komanga pamphuno kamachinga fumbi, koma fungo la thinazi limadutsa. Cimene cimaligwira ndi cophimba kumaso cokhala ndi zosefera za makala, conga cimene opopera magalimoto osamala amavala.

Zotsukira zisasungidwe m'mabotolo a zakumwa. Sipiriti wa isopropyl ndi thinazi n'zoyera ngati madzi, ndipo mwana waludzu safunsa. Botolo lililonse lilembedwe, litsekedwe, liikidwe pamwamba. Mwana akamwa mwangozi parafini, petulo kapena thinazi, asamusanzitse ndipo asamupatse mkaka kapena mafuta, cifukwa posanza mankhwalawo amalowa m'mapapu. Athamange naye ku cipatala, botololo lili m'manja kuti a zaumoyo aone cimene wamwa.

Madzi akuda otsala potsuka asatayidwe pafupi ndi citsime, m'dimba, kapena pamene nkhuku ndi abakha amamwera. A penti ya madzi angasiyidwe m'citini padzuwa, kutali ndi ana, kufikira atauma, ndipo cikopa cotsala pansi citayidwe ku dzenje la zinyalala. Amai okongoletsa makeke a ukwati, amene ena a iwo ayamba kugwiritsa nchito airbrush pothira mitundu, adziwe kuti cida ca cakudya ndi ca cakudya cokha. Cimene cinadutsamo penti kapena thinazi sicibwerekedwa ku keke ngakhale citatsukidwa kakhumi.

POMASULA NDI POBWEZERA

Cotsukira coyenera cingathe kuonongedwa ndi dzanja lopupuluma. Singano ya airbrush ili ndi nsonga yosongoka kuposa munga, ndipo ikangopindika pang'ono utoto umatulukira kumbali. Poipukuta, kansalu konyowa ndi sipiriti kayende kucokera kumbuyo kupita ku nsonga, osati kubwerera. Nozulo nayo khoma lake n'lopyapyala kwambiri. Kuipisa ndi waya, phini kapena singano yosokera kumaing'amba pakamwa, ndipo mng'alu wake suoneka ndi maso, ungodziwika pamene penti yayamba kulavulika. Cotulutsira penti yofewa cikhale cofewa kuposa citsulo: kaburashi kakang'ono ka ubweya, kapepala kopotedwa mosongoka, kapena kamtengo kotokosera m'mano kosongoledwa bwino ndi kunyowetsedwa. Penti ikakana, yankho si mphamvu ai, koma kubwezera nozulo m'kabotolo kwa mphindi zina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pobwezera, nozulo ya mazinga imangidwe ndi zala, ndipo kasipanala kake kangomalizitsa pang'ono pokha, pakuti mazingawo ndi aang'ono ndipo amaduka mosavuta. Singano ilowe mwakacetecete kufikira itakhudza kumapeto, osaikankha. Kenaka mmisiri athire madzi oyera m'kakapu, apopere pa katoni youma ali pamalo owala. Nkhungu ikatuluka yofanana mbali zonse, n'kusiya pa katonipo banga lonyowa lobulungira, cida cayera. Ikapendekera kumbali, ikamadukiza, kapena m'kakapu mukabwata thovu, ndiye kuti penapake pakali penti kapena pali mpata, ndipo nozulo imasulidwenso madzulo omwewo, penti yotsalayo isanagone.